Ndimalephera kukana chifukwa cha zimene anandichita ndili mwana, nditani?

Admin, chonde bisani dzina langa.

Ndine mwamuna wa zaka 29 ndipo ndimagonana ndi amuna anzanga. Amene mukufuna kundilalikira dikirani kaye, funso langa lero si limenelo.

Ndili ndi zaka 10, wachibale wina wamkulu amene tinkakhala naye nyumba imodzi anayamba kundigwiririra. Zinatenga zaka ziwiri. Ankati ndikaulula palibe adzandikhulupirire, ndiye ndakhala chete mpaka lero. Vuto ndi lakuti munthu akati tisavale kondomu, pakamwa panga pamauma. Mumtima ndimakana, koma thupi limangoti zii ngati kamwana kaja. Nthawi zambiri ndimayamba ndamwa mowa kuti ndisaganize. Loweruka usiku zachitikanso, ndi munthu amene sindikudziwa ngati ali ndi kachilombo. Lero ndi Lolemba. Kodi ziwirizi n'zogwirizana, kapena ndine wosasamala basi? Ndiyambire pati?

Membala 1: Achimwene, siyani kaye kuwerenga makomenti, pitani kuchipatala lero lomwe mukapemphe PEP, mankhwala oteteza ku HIV amene munthu amamwa pambuyo pokumana ndi chiopsezo. Amathandiza mukayamba kumwa pasanathe maola 72, ndiye nthawi yanu ikutha mawa usiku. Mumamwa masiku 28 osadumphitsa. Akayamba akuyezani magazi, koma zotsatira za lero sizinena za Loweruka chifukwa kachilombo sikaoneka msanga. Mudzayezetsenso pakatha miyezi itatu.

Membala 2: Ndiye kuti wachibale uja ndi amene anakuphunzitsani kukonda amuna.

Membala 3: Bwana, palibe umboni wa zimenezo. Anyamata ambiri amene anagwiriridwa amakula n'kumakonda akazi. Musamusenzetse katundu wina mwini funso. Inu achimwene, zanu ndi zanga zikufanana, ine ndinali ndi zaka 8. Kuuma thupi kumeneko si kupusa. Mwana amene waona kuti kukana sikumupulumutsa amaphunzira kungokhala phee mpaka zithe, ndipo thupi limasunga phunzirolo ngakhale ndevu zitamera. Ofufuza anapezadi kuti amuna ngati ife amene tinachitidwa nkhanza tili ana timapezeka ndi HIV kawirikawiri kuposa anzathu, ndipo njira yake imadutsa m'mowa, m'matenda a nkhawa ndi kulephera kukana komweko. Ine ndinkadziona ngati chinthu chotha kale, chosafunika kuchiteteza. Zinasintha pang'onopang'ono nditayamba kuonana ndi mlangizi wa za maganizo. Tsiku loyamba sindinanene n'komwe za ubwana, ndinangoti sindigona tulo.

Membala 1: Ndiwonjezere apa. Mukamaliza PEP muli opanda kachilombo, funsani za PrEP, mankhwala oteteza ku HIV amene mumamwa tsiku ndi tsiku musanakumane ndi chiopsezo. Ubwino wake kwa inu ndi wakuti mumamwa m'mawa mutu uli bwino, simudikira mphindi imene pakamwa pauma. Palinso wobaya miyezi iwiri iliyonse kumene akupezeka. Koma sateteza ku chindoko ndi chinzonono, kondomu musaitaye.

Mwini funso: Zikomo nonse, ndanyamuka. Membala 3, ndalira nditawerenga. Koma kodi ndikuyenera kuwauza anamwino kuti anali mwamuna? Ndikuopa maso awo.

Membala 1: Dzina la munthuyo safuna. Nenani tsiku, nthawi, ndi kuti panalibe kondomu. Mukapeza amene mwamasuka naye muuzeni kuti kunali kumbuyo, chifukwa chiopsezo chake n'chachikulu ndipo matenda ena amafunika kuwayeza komweko. Akakuyang'anani moipa, pemphani kuonana ndi wina, koma musatuluke opanda mankhwala.