Kodi nkhani za masheya pa intaneti zingatichenjeze za kusowa kwa mbewu?

Anzanga, ndithandizeni nzeru. Pa masamba a mchezo a pa intaneti monga X, Reddit ndi StockTwits anthu amakangana tsiku lililonse za masheya (magawo a umwini) a makampani a mbewu monga Bayer ndi Corteva. Mbewu ya haibulidi imachulukitsidwa nyengo imodzi isanafike pamsika, ndiye chilala chikagwa m'minda yochulukitsira, ndikuganiza kuti ogula masheya amayamba kunong'onezana ife alimi ang'onoang'ono tisanamve kalikonse. Alipo amene anayesapo kutsatira zokambiranazi kuti agule mbewu msanga?

Chikundivuta n'chakuti ambiri kumeneko amangokokomeza nkhani kuti masheya awo akwere. Komanso Bayer imapanganso mankhwala achipatala, choncho masheya ake akhoza kugwa mbewu ili mbwee m'nkhokwe. Inu mumasiyanitsa bwanji mphekesera ndi chenjezo lenileni? Nanga posakasaka mumalemba mawu ati?