Basi ya 14 pa Mission Street: ifulumire bwanji anthu osapwetekeka?

Nachisale, Excelsior:

Abale, ndithandizeni maganizo. Ndimakhala ku Excelsior kuno ku San Francisco, ndipo m'mawa uliwonse ndimakwera 14, basi yamagetsi ija yokoka moto pa mawaya awiri a m'mwamba, kutsika Mission Street mpaka m'tauni komwe ndimasamalira gogo wina. Chipakireni utoto wofiira mzere wa mabasi okhaokha mu 2016, tikafika cha ku mphambano za misewu ya 24th ndi 16th ulendo umayenda ndithu. Koma kwathu kumtunda kuno ndiye kuli ntchito. Lole yotsitsa katundu ikangoima pakati pa msewu, tonse taima. Basi ya mawaya siingapatuke kutali, ikakakamira ndodo zake zimaguluka, dalaivala atsike akazikoke ndi zingwe kumbuyo, ife tikungoyang'ana wotchi.

Chandilembetsa n'china. Lachiwiri ndikuwoloka pa msewu wa Geneva ndi mwana wanga, loboti litatilola, galimoto yokhotera kumanzere inatsala pang'ono kutipsyeda. Mpaka lero mtima sunakhale pansi. Ndiye ndikamva anthu akuti mankhwala ake n'kuchotsa masiteji ena kuti basi izithamanga, ndimaganiza za gogo wanga woyenda ndi ndodo uja. Mtunda umene ife timati n'pafupi, iye amapumira kawiri. Kodi kulibe njira ina?

Bambo a Chisomo, Daly City:

Pepani kwambiri mayi, tithokoze Mulungu kuti mwanayo ali bwino. Ine ndine mmodzi wa otsitsa katunduwo, ndiye ndiyankhuleko. Palibe amene amafuna kutsekereza basi yodzaza anthu. Koma ukafika pagolosale n'kupeza malo onse a m'mbali aimikamo magalimoto a anthu tsiku lonse, makatoni a mkaka uwatsitsire kuti? Akuluakulu a mzinda awonjezere malo otsitsira katundu, makamaka m'mawa, ndipo woimikapo galimoto yake azimulipiritsa chindapusa. Mu 2016 muja eni masitolo a ku Mission anadandaula kwambiri kuti kukakamiza magalimoto kukhotera kumanja kukuthawitsa makasitomala. Akabwera ndi utoto ku Excelsior ayambe akhala nawo pansi amenewa.

Mphwanu wa pa 49:

Achemwali, vuto lanu ndi lokhotera kumanzere lija, osati masiteji. Wokhota maso ake amakhala pa magalimoto obwera kutsogolo, akufuna mpata, inu woyenda pansi sakukuwonani n'komwe. Ndipo akamadikira mpatawo ndi yemwenso watsekereza basi kumbuyo kwake. Kuletsa kukhota kumeneko pamphambano zazikulu kumachiza nthenda ziwiri nthawi imodzi. Pa msewu wa Van Ness, chitsegulireni mizere ya mabasi pakati pa msewu mu Epulo 2022, malo ambiri okhotera kumanzere anawatseka, ndipo basi ya 49 yomwe ndimakwera, imene kale inkakwawa pamenepo, pano imangodutsa.

China chimene ndimachikonda ndi kufutukula poyenda anthu pasiteji, kuti basi iziimira mumzere mwake momwemo osalowa m'mbali n'kumapemphanso mpata wotulukira. Msewu woti muwoloke umafupikanso. Loboti nalo lizitsogoza oyenda pansi masekondi ochepa magalimoto asanaloledwe. Mzindawu unalonjeza mu 2014, pa ndondomeko ya Vision Zero, kuti pofika 2024 pamsewu pasadzafenso munthu. Chakacho chinadutsa anthu akufabe.

Za ndodo kuguluka, mabasi aatali a kampani ya New Flyer amene akuyenda panowa ali ndi mabatire, amatha kutsitsa ndodo n'kuyenda kamtunda ndithu popanda mawaya. Koma masiteji ndisakunamizeni, pena amayandikana mopitirira, basi isanatenge liwiro yaimanso.

Nachisale, Excelsior:

Zikomo achimwene, zokhotera kumanzerezo mwanditsegula maso. Komabe pa masiteji sindikusuntha. Ofulumira ali kale ndi 14R yodumpha masiteji, akwere imeneyo. 14 wambayu amusiyire agogo, amayi a matumba a zogula ndi a njinga za olumala. Ngati akuchotsa siteji, asakhudze ya pachipatala, pasukulu kapena pachitunda.

Bambo a Chisomo, mawu anu a malo otsitsira katundu ndikawanena ku msonkhano wa m'dera lathu. Bwerani tikakhalire limodzi, akamve kuchokera kwa mwini lole.