Za masheya otchipa aja ndinafunsa

Abale, mwezi watha ndinafunsa ngati ma short seller ndiwo anagwetsa masheya otchipa a kakampani ka ku America omwe ndinagula pafoni. Zikomo nonse amene munayankha.

Alamu anga, omwe amagwira ntchito kubanki, anandikhazika pansi pakhonde kuno ku Mangochi, dzuwa likuswa mtengo. Akuti short selling ndi kubwereka masheya, kuwagulitsa, n'kudzawagulanso akatsika mtengo kuti ubwezere mwiniwake. Mtengo ukakwera, wobwerekayo ndiye amalira, monga zinachitikira ndi masheya a GameStop, kampani ya ku America yogulitsa magemu a pakompyuta, mu Januwale 2021.

Koma zanga sizinali zimenezo ayi. Titabwerera m'mauthenga a gulu la WhatsApp lomwe tinkakambiranamo za masheyawa, tinapeza kuti mkulu amene ankati "gwiritsitsani, musagulitse" anasiya kulemba tsiku lomwe mtengo unafika pamwamba penipeni. Masheya osakwana madola 5 ngati amenewa ogula amakhala ochepa, ndiye kagulu kochepa kangathe kuwakweza mtengo n'kutitayira ife obwera mochedwa. Phindu langa la usipa linapita choncho.

Otsalawo ndagulitsa moluza. Pano ndikufuna broka (wogulira ndi kugulitsira anthu masheya) wa pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre. Amene munatsegulapo akaunti, pamafunika zotani?