Mwana kupita ku Joni ndi azakhali ake: mapepala ake ndi ati?

Nachisale wa ku Ndirande:
Moni nonse. Mwana wanga wamkazi wa zaka 9 akufuna kukacheza ku Johannesburg tchuthi cha Disembala. Apita pa basi kuchokera ku Wenela ndi mlongo wa bambo ake. Pasipoti ali nayo. Bambo akewo tinasiyana, amakhala ku Mzuzu. Kodi kalata yanga ndekha ikwanira, kapena mpaka nawonso asainire?

Che Kalaliki:
Mayi, yambani ndi satifiketi ya kubadwa, chifukwa ndi imene imanena kuti makolo a mwanayo ndi ndani. Ngati mulibe, pitani ku ofesi ya kalembera wa unzika (NRB) kwa DC wa Blantyre msanga, musadikire Disembala. Ngati dzina la bambo lili pa satifiketiyo, nawonso asainire. Sakuyenera kubwera kuno ayi. Akhoza kulumbira kalata yawo ku Mzuzu komweko n'kuitumiza, koma ibwere yeniyeni ya chidindo, osati chithunzi cha pa WhatsApp.

Kalatayi si yongolemba pakhomo. Ikhale affidavit, yolumbirira pamaso pa loya kapena majisitireti amene ali Commissioner for Oaths. Mkati mwake mulembe dzina lonse la mwana, tsiku lobadwa ndi nambala ya pasipoti yake. Dzina ndi nambala ya pasipoti ya azakhaliwo. Adiresi ya kumene akafikire. Tsiku lonyamuka ndi lobwerera. Mafoni a makolo onse awiri. Ilembedwe m'Chingerezi, ndipo mutchule maiko onse odutsamo: Mozambique, Zimbabwe, South Africa. Mumate mafotokope a ziphaso za unzika kapena mapasipoti a makolo, odindidwa kuti akufanana ndi enieni.

Chimene chimabweza anthu ambiri ndi maina. Pa satifiketi mwana walembedwa ndi dzina la bambo, pa pasipoti la agogo akuchikazi. Kapena mayi pa satifiketi ali ndi dzina la kwawo, pa chiphaso la kubanja. Ngakhale chilembo chimodzi, l m'malo mwa r, wa pachipata akhoza kukanirira. Ikani mapepala onse patebulo, muwerenge chilembo ndi chilembo musanapite kwa loya.

Mai a Chilomoni:
Ndionjezereko za South Africa, poti anthu amasokoneza. Lamulo lawo lokhwima linayamba pa 1 Juni 2015, lofuna satifiketi ya kubadwa yoonetsa makolo onse kwa mwana aliyense wosakwana zaka 18. Mu Novembala 2019 analifewetsa kwa ana a maiko akunja amene akuyenda ndi wamkulu. N'chifukwa chake ena angakuuzeni kuti pasipoti yokha basi. Musamvere zimenezo, achemwali. Basi ya ku Joni imadutsa Mwanza ndi Zobue, kenako Cuchamano ndi Nyamapanda, kenako Beitbridge. Ndi zipata zitatu, mbali ziwiriziwiri, ndipo paliponse ofisala ali ndi mphamvu yofunsa kuti mwanayu ndi wa ndani. Kuno kwathu lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015 lilipo, ndiye mwana amene dzina lake likusiyana ndi la womuperekeza amafunsidwa ndithu. Mwana akakanidwa pa Nyamapanda basi siidikira, imatsitsa katundu n'kumapita.

Kalatayo musailumbire msanga kwambiri. A South Africa pamene akuifuna salandira yopitirira miyezi 6. Chitani kutatsala sabata ziwiri kapena zitatu, ndipo masiku olembedwamo aphimbe ndi ulendo wobwerera. Mapepala enieni akhale m'kachikwama ka m'manja, osati m'chikwama chachikulu cha pansi pa basi.

Nachisale wa ku Ndirande:
Zikomo kwambiri. Nanga bambowo akakana, kapena osapezeka pa foni? Amalume a mwanayu sangasainire m'malo mwawo?

Che Kalaliki:
Ayi mayi. Kumudzi amalume ndi eni mbumba, palibe wotsutsa, koma pachipata amaona dzina limene lili pa satifiketi kapena pa chigamulo cha khoti. Kalata ya amfumu nayonso siilowa m'malo mwa siginecha ya kholo. Bambo akakana kapena akasowa, njira ndi ya kukhoti loona za ana, kukapempha chigamulo chokupatsani udindo wosunga mwanayo kapena chololeza ulendowo. Zimatenga nthawi, ndiye musagule tikiti chigamulo chisanatuluke. Ngati munasudzulana kukhoti ndipo mwana anapatsidwa kwa inu, azakhali anyamule fotokope yodindidwa ya chigamulocho. Kholo limodzi likakhala kuti linamwalira, pamafunika satifiketi ya imfa. Ngati dzina la bambo palibe n'komwe pa satifiketi ya kubadwa, kalata yanu nokha ikwanira.

Komatu poti womuperekezayo ndi mlongo wa bambowo, muwatume azakhaliwo kuti ndiwo akambe nawo za siginecha.