Wophunzira wanga walemba pangano pa malo opanda taito

Loya, Chipata: Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Ndili ndi mtsikana wa ku yunivesite ya Zambia (UNZA) pa atachimenti, akuphunzira ntchito mu ofesi mwanga, mutu uli bwino zedi, lamulo la malo la Lands Act ya 1995 amalitchula osayang'ana buku. Dzulo kasitomala wabwera akufuna malo njira ya ku Lundazi adule mapuloti amange nyumba za lendi, wogulitsa ali ndi kalata ya anyakwawa basi, pepala la m'kope la chidindo, ndiye mwana uja wangolemba pangano ngati malowo ali ndi taito, chikalata cha boma cha umwini wa malo. Sindinamukalipire koma mtima suli m'malo. Inu mumawaphunzitsa bwanji?

Loya wamkulu: Amai, mwanayo alibe mlandu, sanapondeko kumunda. Ine wanga aliyense ndimamupatsa fayilo ya malo a mfumu aiyendetse yekha: chilolezo cholembedwa cha mfumu yeniyeni osati nyakwawa, kenako khansolo ivomereze, ndiye ipite kwa Commissioner of Lands, mkulu woona za malo m'boma. Akazunguliridwa nayo miyezi ingapo saiwalanso kuti lizi ya zaka 99, pangano lobwereka malo ku boma, sichokera m'kope.

Wopima malo: Ndipo muziwatuma kwa ife! Avale nsapato zotha tikafune mabikoni, zizindikiro za malire a malo, limodzi. Tsiku lina tinapeza bikoni ili mkati mwa khitchini ya neba, pena dayagiramu ikuonetsa malo opanda kanthu koma pali manda ndi chitsime cha mudzi wonse, zimenezi mu ofesi simungazione.

Loya, Katete: Zoona. Chipata chikhalireni mzinda mu 2017 aliyense akufuna kudula mapuloti kumalire ndi midzi, ndiye aziphunziranso lamulo la mapulani la Urban and Regional Planning Act ya 2015, kugawa malo popanda chilolezo cha a mapulani ndi kuika kasitomala m'madzi. Ngakhale pali taito achite sechi m'kaundula wa ku Lands kaye, aone ngati pali kaveati (chiletso choti malo asagulitsidwe) kapena ngongole ya banki.

Loya wamkulu: Muonjezere consent (chilolezo) ya boma ndi msonkho wa ZRA, bungwe lotolera misonkho, asanalembetse. Komanso azifunsa wogulitsa m'chinyanja, "malo awa anali a ndani, amalume akudziwa?" Kwathu kuno m'mabanja ambiri malo amayendera kuchikazi, asuwani amatulukira nyumba itafika pa windo.

Loya, Chipata: Zikomo atate. Kasitomala ndamuuza asapereke ndalama kaye. A opima malo, Lachisanu muli ndi mpata? Ndibwera naye mtsikanayu, pangano lake alinyamule akaliwerenge ataima pa malopo.

Wopima malo: Bwerani 7 koloko dzuwa lisanakwere.