Thandizeni, amalume akugulitsa malo amene mzungu anasiyira agogo ku Thondwe

Membala wobisa dzina: Admin ndibiseni chonde. Agogo awo a mayi anga ankagwira ntchito kunyumba kwa mzungu wa esiteti ina ku Thondwe nthawi ya atsamunda ndiye anabereka naye mwana, agogo athu aja anthu ankangoti akaladi. Mzunguyo pochoka akuti anawalozera malo kuyambira pamango mpaka kumtsinje. Pano amalume ayamba kudula mapuloti, awiri agulitsa kale, amalume omwewa pamaliro a mayi sanasonkhe ngakhale ndowa ya chimanga koma njinga yamoto agula, akazi awonso amandinena kuti ndimadzimva poti ndimakhala ku Matawale. Nditani ine? Tulo sindikugona.

Mlomwe Weniweni: Malo a mzungu?? Anabwera nawo pa sitima? Azungu ankagula dziko kwa mafumu ndi nsalu ndi mikanda, Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, n'kuwapatsa mapepala a umwini wa malo otchedwa ma Certificate of Claim, basi. Makolo athu atachoka ku Mozambique anakafikira m'maesiteti momwemo n'kumalima thangata kuti alipire lendi. Inu lero mukulirira mphatso ya mzungu, manyazi mulibe?

Make Awiri: Pepani achemwali. Ifenso zinatichitikira ku Jali, bambo atangomwalira abale awo anatenga munda, mbuzi, mpaka malata anazula. Ndinangozisiya m'manja mwa Mulungu.

Wakabaza wa pa Chinamwali: Kkkkk mukuvutikiranji ndi mapuloti, fufuzani abale anu ku Scotland mwina kuli nyumba yaupstairs ikukudikirani

Aphunzitsi Opuma: Mwanawe, pepala lilipo? Malowo ali ndi title deed kapena ali pansi pa amfumu? Maesiteti ena boma linagula n'kukhazikapo anthu, ndiye yambani mwadziwa zimenezo. Mafayilo akale amasungidwa ku National Archives mu Zomba momwemo.

Mlomwe Weniweni: Aphunzitsi mapepala ake omwewo ndi amene anatibera nawo dziko. Chilembwe mu 1915 anthu ake anakapha William Jervis Livingstone, woyang'anira esiteti ya Bruce, ku Magomero chifukwa chani? Werengani mbiri anthu inu!

Make Awiri: Abambo inu munthu wafunsa za amalume ake osati za Chilembwe, iiii

Nachisale: Kwathu kuno malo amayenda kuchikazi. Amalume ndi mwinimbumba, ntchito yawo kuyang'anira osati kugulitsa. Itanani azichemwali a mayi anu mupite kwa a gulupu, zikakanika kwa a T/A.

Mlomwe Weniweni: Mafumu ake ati? Omwe amasainira ogula usikuwa?

Aphunzitsi Opuma: Ndafunsa za pepala sindinayankhidwe.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Ndinaiwala kunena, njinga ija anagula yofiira ndipo dzulo anandidutsa pa Thondwe pamsika osandipatsa ndi moni yemwe.

Wakabaza wa pa Chinamwali: Ngati akufuna woyendetsa ndilipo