Magetsi olowa mu siling'i: ndiike angati, nanga ndingaike ndekha?

MwiniNyumba:
Anzanga ndithandizeni maganizo. Pabalaza panga pali babu limodzi lokha lolendewera pakati, m'makonamu mumachita mdima, ndiye ndikufuna ndiike timagetsi tolowa mu siling'i tija, ma downlight. Balazalo ndi mamita 4 kwa 5, siling'i ndi ya jipisamu. Ndiike angati? Komanso ndingaigwire ndekha ntchitoyi kapena ndingoitana wamagetsi, paja kuboola ndimatha koma za mawayazi ndimangodziwa mwapatalipatali.

Spana10:
Achimwene musanaboole chilichonse kwerani kaye kudengako mukaone m'mene matabwa ogwira siling'i adutsira, chifukwa mukalemba malo anu bwinobwino pansipa kenako n'kukapeza kuti bowo lagwera pa thabwa ndiye basi mwaononga bodi, ndipo thabwalo musayerekeze kulidula, ndi lomwe lanyamula siling'i yonseyo. Chinanso gulani kaye magetsiwo. Saizi ya bowo imalembedwa pa katoni, ena 70mm ena 90mm, ndipo bowo likakula timasipuling'i take sitigwira, getsi limangolendewera. Boolani ndi hole saw, sowo yozungulira yoika pa drilo ija, osati mpeni.
Pa 4 kwa 5 ine ndingaike 6, mizere iwiri, atatu atatu. Mpata wochoka kukhoma ukhale theka la mpata wa pakati pa getsi ndi linzake, ndiye mizereyo italikirane mamita 2, mzere uliwonse mita imodzi kuchoka kukhoma. LED ya 7W imatulutsa ma lumen (muyeso wa kuwala) cha m'ma 500 mpaka 600, asanu ndi limodzi akukwanirani.

MayiWaMapasa:
A Spana anena zoona koma mtundu wa kuwala aiwala. Pa katoni pamalembedwa nambala yothera ndi K. Pabalaza tengani 2700K kapena 3000K, kuwala kwachikasu pang'ono kuja. A 6500K amayera mbuu ngati muli mu wodi ya chipatala, anthu amawakonda ati amawala kwambiri koma madzulo maso amatopa nawo. Kukhitchini 4000K ili bwino. Ndipo musaike onse pa swichi imodzi chonde, agaweni pawiri kuti poonera TV muzizimitsa ena. Ngati muli ndi fani ya kudenga magetsiwo akhale patali ndi mapiko ake, apo ayi kuwala kumangophethira fani ikamazungulira, mutu kuchita kuwawa.

Wamagetsi_Weniweni:
Bwana, mabowo boolani nokha palibe vuto, koma kulumikiza itanani munthu wa satifiketi, mayiko ambiri malamulo amafuna choncho. Sikuti ndikusaka ntchito ayi. Kuzimitsa swichi ya pakhoma sikokwanira, pa malo a babu pamatha kukhala waya wamoyo ngakhale swichi ili off, muyenera kugwetsa breaker kenako kuyeza ndi tesita. Waya wa magetsi owunikira nthawi zambiri ndi 1.5mm, amalumikizidwa parallel, ndipo majointi akhale mu junction box ndi ma connector, zongopota mawaya n'kukulunga tepi zija ndi zomwe zimayambitsa moto kudenga komwe simukuona. Halogen isiyeni, ya 50W imatentha koopsa pomwe LED ya 5W kapena 7W ikuwala chimodzimodzi. Ngati kudengako kuli insulation (zotchinga kutentha zija) musaphimbe nayo getsi kapena driver yake (kabokosi kopereka mphamvu ku getsilo) pokhapokha katoni ikunena kuti n'zololedwa. Ine ndimakonda a GU10, a babu lochotseka aja, chifukwa likapsa mumangosintha babu, pomwe timapanelo topyapyala tija tikafa mumachotsa chonsecho, mwinanso saizi yakeyo osaipezanso. Ubwino wa timapaneloto ndi woti timalowa ngakhale pamwamba pali mpata wochepa.

MwiniNyumba:
Zikomo nonse, za fanizo sindinaziganize n'komwe ndipo ilipodi pakati penipeni. Nanga dimmer, swichi yochepetsera kuwala ija, ingatheke? Kubafanso ndingaike omwewo?

Wamagetsi_Weniweni:
Dimmer imatheka koma babulo likhale lolembedwa dimmable, ndipo dimmer yakeyo ikhale ya LED, zakale zija zimapangitsa getsi kuthwanimathwanima mwinanso kulira. Kubafa ayi, omwewo musaike, nthunzi imalowa. Pezani olembedwa IP44 (nambala yosonyeza m'mene getsi limatetezekera ku madzi), pamwamba pa shawa penipeni IP65.